Phukusi la Sekai

Chimene chinayamba kusowa ndi sokosi imodzi. Mazvita anatsegula bokosi lake lachitsulo m'mawa wa Lachiwiri, belu loyamba litangolira, n'kupeza inzake ili yokhayokha pamwamba pa zovala. Loko anamupeza wokhoma bwinobwino, ndipo kiyi anagona naye pakhosi, pa kachingwe, monga mwa masiku onse.

Kuba kunalipo pa sukulu ya masisitere ija, tisanamizane. Atsikana makumi anayi m'chipinda chimodzi, m'mapiri a ku Nyanga mwezi wa Juni, chisanu chitayera mbuu pa udzu: sopo ankayenda, shuga ankayenda, ngakhale mafuta odzola ankatha okha m'botolo mwini wake ali ku tchalitchi. Koma wakuba wa ku hositelo ndi munthu wanzeru zake. Amatenga sokosi zonse ziwiri, ndipo savutika n'kukhomanso loko akamaliza. Komanso chovala chilichonse chinali ndi nambala ya mwini wake yosokedwa ndi ulusi wofiira, ndiye ndani akanavala 214 kumwendo n'kumayenda nayo pamaso pa masisitere?

Mtsikana wina aliyense akanathamangira kwa a matironi kuti mabokosi onse atsegulidwe. Mazvita anangotseka lake mwakachetechete n'kuvala sokosi zadzulo zosachapa. Sankafuna kuti munthu ayambe kufufuza zovala za anthu, chifukwa iye mwini anali atavala chovala chakuba.

Chinali juzi. Mwini wake anali Sekai, mwana wa bambo ake aakulu, amene anamaliza folomu 4 pa sukulu yomweyo chaka chapitacho. Awiriwa anakulira pa bwalo limodzi, ankadyera mbale imodzi, ndipo Mazvita ankamutcha sisi. Pa tchuthi cha Epulo Sekai anadwala mutu masiku atatu okha, lachinayi n'kumwalira. Atamuika m'manda, a Tete, mlongo wa abambo awo, anasonkhanitsa zovala zake zonse, anazimanga m'bulangete n'kupachika phukusilo kudenga la khitchini, monga timachitira. Chovala cha womwalira sichikhudzidwa mpaka tsiku limene a Tete adzachiwaze madzi a mankhwala n'kuchigawa, akuitana munthu ndi dzina, iye n'kuomba m'manja n'kulandira. Izi ngakhale mwana wa zaka zisanu amazidziwa. Mazvita anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Koma tsiku logawalo analiika kumapeto kwa Meyi podikira abale a mayi ake a Sekai, pamene sukulu inkatsegulira kumayambiriro kwa mwezi. Juzi ya Mazvita inali itatha m'zigongono ndi kumsana, amayi ake ataisoka mpaka ulusi wosokera kuchuluka kuposa juzi yeniyeniyo, ndipo chaka chonse atsikana ankamutcha Sefa. "Sefa, tabwera tisefere ufa." Dzina lotere limakoma kwa amene akulitchula basi. Ndiye tsiku loti mawa abwerera ku sukulu, anthu onse ali kumunda kukolola, anatembenuza mtondo n'kukwerapo, anatsitsa phukusi, anasolola juzi, n'kumanganso mfundo mmene anathera. Nambala ya Sekai anaiphwasula ndi pini n'kusokapo yake. Ku sukulu anati amalume a ku Mutare ndiwo amugulira, ndipo dzina la Sefa linafera pomwepo. Milungu itatu anayenda mofunda, mapewa ali m'mwamba.

Lachitatu m'mawa kunasowa pitikoti. Lachinayi, bulauzi yoyera, imodzi mwa ziwiri zimene anali nazo. Loko ali chikhomere, zovala zotsala zili zosalazidwa bwino kuposa mmene iye anazisiyira.

Bedi loyandikana ndi lake linali la Chengetai, mtsikana wa ku Chipinge amene anabwera chaka chomwecho. Anali wosayankhulayankhula, ndipo atsikana ankanong'onezana kuti amaona zimene ena saona, kuti tsiku lina anapatsa moni munthu pa msewu wa kumanda a masisitere pamene panalibe munthu. Zoona kapena zabodza, palibe ankafuna kukhala naye tebulo limodzi. Lachinayi lomwelo, akusamba kumaso pa mipope madzi akuluma zala, Chengetai anasendera pafupi.

"Iwe Mazvita, mlendo wako uja ndi ndani?" anafunsa chapansipansi.

"Mlendo uti?"

"Amene amadzagwada pa bokosi lako usiku."

"Umalota iwe. Uzichepetsa nyemba madzulo."

"Wamtali. Ali ndi chipsera cha moto pa mkono apa." Chengetai analoza pansi pa chigongono chake. "Amabwera mikono ili pamtunda, kuzizira konseku. Ine ndimamumvera chisoni."

Mazvita anaviika nkhope m'madzi kuti mnzakeyo asaione. Chipsera chimenecho chinali cha phala lotentha, Sekai ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo Chengetai anali asanamuonepo Sekai ndi tsiku limodzi lomwe.

Lachisanu nkhani inafika kuchokera kumudzi. Inabwera ndi kamtsikana ka folomu 2 kochokera mudzi woyandikana ndi kwawo, kamene kanapita kukaona odwala, ndipo pofika madzulo hositelo yonse inali itaimva. Akuti Loweruka lapitalo, anthu atasonkhana kuti agawe zovala, a Tete anatsitsa phukusi, anayang'ana mfundo n'kunena kuti iyi si mfundo yanga. Anamasula, anayang'ana chimodzichimodzi, n'kupeza juzi ya sukulu palibe. Anamanganso ndi manja awo, anapachika, n'kulumbira kuti palibe chogawa mpaka juziyo itabwerera. Tsono kwathu munthu saba chovala cha maliro chifukwa cha kuzizira. Amene amatero ndi amene ali ndi dzanja pa imfayo, akufuna amange mzimu kuti usamutsate. Ndipo ndani amasesa m'khitchinimo tsiku ndi tsiku? Amayi ake a Mazvita, mkazi wokwatiwa pa mudzipo wochokera kutali ku Buhera, wamasiye zaka zisanu, wopanda mwamuna womuyankhulira. Akuti ku chitsime akazi anali atayamba kuchotsa ndowa zawo iwo akafika.

Atsikana ena anamumvera chisoni Mazvita, ena anasuntha mabedi awo. Mmodzi anamupatsa maputi, chimanga chokazinga chija, n'kumuuza kuti asadandaule, mwana sasankha mayi. Mazvita analandira maputiwo, atavala juzi ija, n'kuthokoza. Chifukwa cha manyazi, chakudya chamadzulo anangochiyang'ana.

Lamulungu masana a matironi ankalola aliyense kuimba foni kwawo, mphindi zitatu, enanu muli pa mzere kumbuyo makutu ali tcheru. Mazvita anali atakonza mawu usiku wonse. Anali mawu anayi okha: juzi ija ndinatenga ndine.

"Amayi, muli bwanji kumeneko?"

"Tili bwino, mwanangu. Chimanga tatsiriza kutong'ola."

"Ndamva zoti a Tete..."

"Za anthu zisiye. Iwe werenga." Nkhuku inamveka chapatali mu foni. "Kumeneko palibe chimene chakusowa?"

Mazvita anacheuka. Kumbuyo kwake kunali atsikana khumi ndi awiri, kutsogolo kwenikweni kuli amene anayambitsa dzina la Sefa.

"Palibe, amayi."

"Chabwino," anatero amayi ake, ndipo a matironi anatambasula dzanja kuti foni ipite kwa wina.

Usiku umenewo Mazvita anaganiza zosagona. Magetsi anazimitsidwa, manong'onong'o anatha, ndipo panatsala phokoso la masiku onse: malata akuthetheka ndi chisanu, mphepo ikuwomba m'mitengo ya paini kuseri kwa mpanda, wina akukukuta mano kumapeto kwa chipinda, wina akuliza mkonono ngati bambo. Mdima unali wa mwezi wakufa, woti ukaika dzanja pamaso sulionanso. Mazvita anagona chammbali atayang'ana kumene kunali bokosi, juzi ataivala mkati mwa bulangete, akuwerenga kupuma kwake.

Sanadziwe kuti inali nthawi yanji pamene phokoso lonselo linaleka. Silinachepe pang'onopang'ono, linangoduka, ngati munthu wamuthira madzi m'makutu. Kenako linabwera fungo, fungo la utsi wa m'khitchini ya kwawo, la mwaye umene umamatirira pa zinthu zopachikidwa kudenga. Pambuyo pa fungolo anamva mapazi opanda nsapato pa simenti, akuyenda osafulumira, akudziwa njira pakati pa mabedi. Anaima kumiyendo kwake. Mawondo awiri anagunda pansi. Loko analira kamodzi, kiyi ali pakhosi pa Mazvita, ndipo chivundikiro chinakwera ndi kulira kwake kwa dzimbiri kumene iye ankakudziwa bwino.

Anamva nsalu ikutulutsidwa, ikukutumulidwa, ikupindidwa modekha, kenako kumenyedwa kawiri ndi chikhatho. Sekai ankatero nthawi zonse akapinda chovala, ngati akuchigoneka. Chivundikiro chinatsika, loko analiranso. Koma mapazi aja sanabwerere kukhomo. Anazungulira bedi n'kudzaima kumutu.

Kuzizira kumene kunafika pa nkhope yake sikunali kwa Juni. Chinthu chonga nsonga ya chala chinalowa pakati pa bulangete ndi khosi lake, chinafufuza kolala ya juzi, n'kuima penipeni pamene iye anaphwasula nambala. Sichinakoke. Chinangokhala pomwepo, chikudikira.

Akanangoti pepani sisi. Akanangovula n'kupereka. Anthu akamva nkhani ngati iyi amati mantha ndiwo anamutseka pakamwa, koma si mantha ayi. Sekai ankamuluka tsitsi, ankamubisira nyama m'thumba, anamuphunzitsa kusita siketi ya sukulu, ndipo Mazvita sakanatha kutsegula maso kuti Sekai amuone ali m'juzi imeneyo. Anatsinzina kwambiri, n'kuyamba kupuma mokweza ngati munthu amene ali m'tulo tofa nato. Ananamiza ndi wakufa yemwe. Chalacho chinakhala nthawi yaitali, kenako chinachoka, ndipo mkonono wa kumapeto kwa chipinda unayambiranso.

"Anaima nthawi yaitali lero," ananong'ona Chengetai mu mdimawo. "Bwanji sunamuyankhe?"

Mazvita anayamba kulira atadzitseka pakamwa ndi pilo, ndipo zonse zinatuluka, za mtondo, za mfundo, za pini. Chengetai anamvetsera osamudula.

"Ndikaiponya m'ng'anjo ya madzi osamba," anatero Mazvita pomaliza. "Ipse, zithe."

"Ukaitentha, amayi ako akhala mfiti mpaka kufa."

"Ndiye nditani?"

"Ukudziwa chochita. Ukungofuna ndikuuze china."

Kuyambira m'mawa mwake Mazvita sanafundenso. Ankakhala padzuwa pa nthawi yopuma mano akugundana, zikhadabo zitachita bii. Sisitere wa ku chipatala cha sukulu anamupima kutentha kawiri, anagwedeza choyezeracho poganiza kuti chafa, n'kumupatsa panado ndi bulangete lina. Usiku uliwonse fungo la utsi linkabwera, ndipo m'mawa uliwonse bokosi linkapepuka: thawulo, deresi la ku tchalitchi, siketi ya masewera. Pofika Lachitatu m'bokosimo munatsala mabuku, sopo ndi nsapato. Chengetai anasuzumiramo n'kufunsa funso limene Mazvita ankalithawa.

"Zovala zikatha, atenga chiyani?"

Usiku umenewo Mazvita anadikira atagwira kolala ndi manja awiri. Malata anathetheka, mphepo inawomba, wokukuta mano anakukuta mpaka tambala. Palibe chinabwera. Usiku wotsatira chimodzimodzi. Pofika Loweruka anamva thukuta kukhwapa koyamba mlungu wonsewo, n'kudya mbale yonse ya nyemba.

Ndikanakonda kunena kuti atapeza mphamvu anakwera kombi kupita kwawo. Sizinatero. Munthu akapulumuka amafulumira kukhulupirira kuti wakhululukidwa. Mazvita anadziuza kuti Sekai watenga zokwanira, asinthana, nkhani yatha, ndipo za kumudzi zizizira zokha monga zimazizirira nkhani za kumudzi. Anabwereka bulauzi, anabwereka siketi, anabwerera ku mpira wamanja. Lamulungu sankaima pa mzere wa foni, ankati mutu. Chengetai akamuyang'ana, iye ankayang'ana kumbali. Inatha choncho milungu itatu, ndipo imeneyi ndiyo milungu imene inadzamuwawa kwambiri pambuyo pake.

Mu Julayi kamtsikana ka folomu 2 kaja kanalandira alendo, ndipo nkhani inafikanso. Akuti amayi ake a Mazvita aonedwa ku manda a Sekai pakati pa usiku, osati kamodzi, katatu, atagwada, akuyankhula ndi dothi. Akuti aonda, akuyenda opanda mpango kumutu pamaso pa azilamu awo ngati munthu wopanda mwambo. Umboni wina unafunikanso wanji? Banja linali litagwirizana kukumana Loweruka kuti awabweze kwawo ku Buhera, ndipo mwana atsala chifukwa ndi wa pa mudzipo.

Chengetai anamupeza kuseri kwa nyumba yochapira, atakhala pa mwala.

"Wamva?"

"Ndamva."

"Ndiye ukhala pamwalapo?"

"Anasiya kubwera, Chenge. Iwe wemwe ukudziwa kuti anasiya."

"Munthu amene wabwera masiku onsewo osapatsidwa chake sasiya. Wangopita kwina." Chengetai anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ine anthu amandithawa chifukwa ndimaona akufa. Iwe amoyo omwe sukuwaona."

Loweruka kusanache Mazvita anadutsa pansi pa waya wa mpanda, Chengetai atamukwezera, n'kuyenda wapansi mpaka ku msewu waukulu. Anafika kwawo dzuwa lili pamutu. Pabwalo panalibe munthu, agalu okha, koma m'khitchini munkamveka mawu a bambo aakulu, bambo ake a Sekai, akuyankhula pang'onopang'ono monga amayankhulira munthu amene wagamula kale.

Anawerama n'kulowa. Amuna anali pa benchi la dothi kumanja, akazi pa mphasa kumanzere, a Tete kutsogolo kwawo. Amayi ake anakhala okha pafupi ndi moto, mpata utasiyidwa mbali zonse ziwiri. Akanakumana nawo pa msewu mwina sakanawazindikira. Anali m'deresi limodzi lopyapyala logwirira ntchito kumunda, opanda nsalu m'chiuno, opanda mpango, imvi zili poyera, manja atawapana m'khwapa. Atamuona mwana wawo anapukusa mutu pang'ono, ngati akumuuza kuti abwerere.

Mazvita anagwada, anayenda ndi mawondo mpaka pamaso pa a Tete, anavula juzi n'kuiyala pansi.

"Ndinatenga ndine," anatero. "Amayi sakudziwa kanthu."

A Tete anatembenuza kolala ndi kamtengo, osaikhudza, n'kuona timabowo ta nambala yakale pansi pa yatsopano.

"Unatengeranji?" anafunsa bambo aakulu. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza.

"Ankanditcha Sefa."

"Ankakutcha chiyani?"

"Sefa. Chifukwa juzi yanga inali yobooka."

Ku sukulu dzinalo linkalemera ngati mwala. M'khitchini muja, pamaso pa bambo amene anaika mwana wake m'manda ndi mayi amene watchedwa mfiti milungu isanu ndi umodzi, linamveka kanthu kachabechabe, koti ngakhale kukabwereza kunali kuchita manyazi. Mazvita anayang'ana pansi, akulakalaka wina atamumenya.

"Tsitsani phukusi," anatero a Tete.

Mnyamata wamkulu wa bambo aakulu anakwera pa mtondo, anagwira, n'kuitana mnzake. Phukusi limene Mazvita analitsitsa yekha mu Meyi analitsitsa amuna awiri, akubuula. Bulangete linali litakungika mpaka m'mphepete mwake kutseguka. A Tete anayang'ana mfundo nthawi yaitali. Inali yawo, yakuda ndi mwaye, kangaude atalukapo ukonde wake wosaduka.

Anamasula. Pamwamba penipeni panali mpango wa kumutu wa maluwa obiriwira, ndipo mkazi wina pa mphasa anati chapansipansi, si wa Mai Mazvita uwo? A Tete anauika pambali. Pansi pake panali bulauzi ya chigwirizano cha amayi a ku tchalitchi. Kenako nsalu, kenako nsalu ina, madiresi atatu, juzi yakuda ya maliro a amuna awo, chipewa cha ubweya, bulangete laling'ono. Zonse zopindidwa mofanana, zonse za amayi ake a Mazvita. Pansi pa izo m'pamene panatuluka thawulo, deresi la ku tchalitchi, bulauzi yoyera, pitikoti, ndi sokosi imodzi, chilichonse chili ndi 214 wa ulusi wofiira. Zovala za Sekai zinali pansi penipeni, mmene a Tete anazisiyira.

Akazi aja anasendera kukhoma. Bambo aakulu anavula chipewa.

"Mai Mazvita," anatero a Tete, "tiuzeni."

Amayi ake anayankha akuyang'ana moto.

"Tsiku lija ndinabwerera kumunda kudzatenga madzi akumwa. Ndinamuona ali pa mtondo. Ndinati ndikamuyankhula achita manyazi, ndiye ndinabwerera osatunga. Ndinkadziwa mmene juzi yake inalili, ndinkaisoka ndine. Mutamanganso, tsiku lina ndikusesa ndinaona kansonga ka sokosi katatulukira pa phukusi, nambala ili poyera. M'mawa mwake phukusi linali litakula. Ndinadziwa kuti Sekai akusonkhanitsa za mwana wanga. Ndiye ndinapita kukamupempha kuti azitenga zanga."

"Bwanji osanena?" anafunsa bambo aakulu.

"Ndinene kuti mwana wanga waba pa maliro a mkulu wake? Ine dzina langa latha kale ntchito, bambo. Lake ndi limene likuyamba."

Mazvita anayang'ana mulu wa zovala za amayi ake. Milungu itatu imene iye ankasewera mpira n'kudya nyemba, chovala chimodzi chinkachoka m'nyumba ya amayi ake usiku uliwonse, ndipo iye sanaime n'komwe pa mzere wa foni.

A Tete anatumiza mbale ya madzi a mankhwala. Anaika juzi pamwamba pa mulu n'kuwaza zonse ndi masamba, akutchula dzina la Sekai, akumuuza kuti chake chabwerera, agone. Chimene chalowa m'phukusi chimatuluka pogawa basi, ndiye anayamba kugawa. Za Sekai zinapita bwino, aliyense akuomba m'manja n'kulandira. Za Mazvita anapatsa ana a abale. Atafika pa mulu wachitatu ananyamula deresi labwino kwambiri, anayenda ndi mawondo iwo eni, munthu wamkulu ngati uja, mpaka pamaso pa mlamu wawo.

"Mai Mazvita. Landirani, muvale. Tinakulakwirani."

Amayi ake sanatulutse manja m'khwapa.

"Zimenezo ndinapereka ndekha, a Tete. Ndikazilandiranso, abwerera kwa mwana."

"Juzi yabwerera," anatero bambo aakulu. "Nkhani yatha."

"Mwina yatha. Ine sindiyesa. Gawani."

Anawachonderera, anakana. Ndiye a Tete anagawa zovala za munthu wamoyo, mwini wake ali pomwepo akuonerera. Akazi omwe aja ankachotsa ndowa ku chitsime ankaitanidwa mmodzimmodzi, ankaomba m'manja nkhope zili pansi, n'kulandira ndi nsonga za zala. Palibe anayang'ana mnzake.

Pomaliza panatsala nsalu imodzi yakale, yofwifwa, yong'ambika pakona, imene amayi ake a Mazvita ankamuberekera iye ali khanda. A Tete anainyamula, anayang'ana uku ndi uku, n'kusowa woti amupatse.

"Mazvita," anaitana.

Mazvita anasendera ndi mawondo, anaomba m'manja monga amachitira mwana wamasiye, n'kulandira. Kumbuyo kwake anamva amayi ake nawonso akuomba pang'onopang'ono kumuthokozera. Anali atakhala pafupi ndi moto moti m'mphepete mwa deresi lawo munayamba kununkha kupsa, koma mano awo ankamveka kugundana nyumba yonse.